PHUNZIRO LA PA BANJA: KUTHOKOZA AMENE TIMADYA NAWO PA MPHASA IMODZI



Phunziro ili muliwerengere pamodzi mukatha kufuturu, mbale zisanachoke pa mphasa. Amene adziwa kuwerenga awerenge mokweza ndi mosathamanga, kuti agogo nawonso amve. Nkhani yake si yakutali ai. Tikamba za kuthokoza anthu amene timakhala nawo tsiku ndi tsiku.

Ambirife kuthokoza mlendo timakudziwa bwino. Munthu wochokera ku tauni akatisiyira paketi imodzi ya shuga timamuombera m'manja, timamuperekeza mpaka pa msewu, ndipo dzina lake silichoka pakamwa pathu mwezi wathunthu. Koma mayi amene watiphikira zaka 20 timangomulandira mbale n'kumufunsa chifukwa chake mchere wachepa. Chilema chimenechi chili m'makomo ambiri. Mwezi wa Ramadhani ndiyo nthawi yabwino yochichiza, pakuti m'mwezi umenewu banja lonse limakhala pa mphasa imodzi, pa ola limodzi, masiku 29 kapena 30 otsatana. Mwezi wina wotere palibe pa chaka.

1. WERENGANI MANJA AMENE AFIKITSA CHAKUDYA PA MPHASA

Dzuwa likalowa, adhana yamveka ndipo mwamasula, musanatambasule dzanja kachiwiri tayang'anani zimene zili patsogolo panu, mudzifunse kuti zadzera m'manja mwa yani.

Futali uyo sanagwe kumwamba. Alipo amene anakumba chinangwa kapena mbatata, alipo amene anasenda, alipo amene anasinja mtedza mu mtondo dzuwa lili paliwombo. Madzi amene mwamwawo watunga ndi mtsikana wa pa khomo pomwepo. Wayenda nawo pamutu kuchokera ku mjigo kukhosi kuli gwa, osalawako ngakhale dontho. Usipa uwo, alovi anachezera nawo pa nyanja usiku wonse, siginala atayatsa nyali zake, anzake akukoka chilimira mpaka zikhato kutupa. Kutacha amayi anauyanika pa thandala, ndipo mtambo utada anathamanga kukauanula kuti usaole. Shuga wa mu tiyi mwina wagulidwa ndi ndalama imene watumiza mwana wanu wa ku Johannesburg kapena ku Durban, amene amaimirira tsiku lonse mu shopu ya eni ake. Naye akumanga monga inu, koma pofuturu alibe mayi wake pafupi.

Nanga daku? Inu abambo mumadzutsidwa chakudya chitapsa kale. Amene wakudzutsaniyo anadzuka tambala asanalire, anauzira moto pa nkhuni zonyowa, utsi uli m'maso, ndipo naye adzamanga maola oposa 13 chimodzimodzi inu.

Kumbukiraninso nyengo yake. Chaka cha Chisilamu chimachepa ndi masiku 10 kapena 11 pochiyerekeza ndi chaka cha dzuwa, motero Ramadhani imasuntha chaka ndi chaka. Ya 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, ya 2026 m'kati mwa Febuluwale. Imeneyi ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, chimanga cha m'munda chisanakhwime. Ndiponso kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ophikira, shuga ndi sopo inakwera kwambiri. Tsono mukaona mbale yadzaza m'masiku otere, dziwani kuti alipo wina pa khomopo amene wadzimana, kapena wakongola, kapena wagulitsa nkhuku yake.

2. CHIPHUNZITSO CHAKE

Mwina wina anena kuti: "Ine ndimathokoza Allah, basi zakwana." Kuthokoza Allah ndiye mutu wa zonse, zimenezo n'zoona. Koma Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anaphunzitsa kuti kuthokoza anthu ndi kuthokoza Allah n'zinthu zoyendera limodzi, kotero kuti wolephera choyambacho sanakwanitse chachiwiri. Mu Surah Luqman, ayah 14, kuthokoza makolo kwaikidwa pafupi penipeni ndi kuthokoza Allah, ndipo ayah yomweyo imakumbutsa za kuvutika kwa mayi pa mimba ndi poyamwitsa. Mu Surah Ibrahim, ayah 7, muli lonjezo lakuti wothokoza adzaonjezeredwa. Zimenezi timaziona ndi maso m'makomo mwathu. Mwana amene wayamikidwa potunga madzi, mawa amanyamula ndowa osatumidwa.

Taonaninso m'mene Mtumiki (S.A.W.) ankakhalira pa khomo pake. Mayi Aisha (R.A.) atafunsidwa za zimene iye ankachita m'nyumba, anafotokoza kuti ankathandiza a m'banja lake ntchito, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankatuluka kukaswali. Ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza yekha nsapato zake. Mayi Khadija (R.A.) atamwalira, iye sanaiwale zabwino zawo. Ankawatchula kawirikawiri, ndipo akazinga mbuzi ankatumiza nyama kwa amayi amene anali anzawo a malemuwo. Ngati iye ankathokoza chotere mkazi amene anali kale m'manda, nanga inu amene mkazi wanu ali moyo, wakhala apoyo, mukudikira chiyani?

3. AMENE TIMAWAIWALA KAWIRIKAWIRI

Pa mudzi uliwonse alipo anthu amene ntchito yawo imaoneka pokhapokha akaileka.

Woyamba ndi mkamwini. Anasiya kwawo, wamanga nyumba pa mudzi wa mkazi wake, amalima munda wa apongozi, maliro akagwa ndiye woyamba kunyamula khasu. Komabe akalakwa pang'ono amakumbutsidwa kuti pano si pawo. Inu eni mbumba, liu limodzi loyamika silidzakuchotserani ulemu wanu.

Wachiwiri ndi agogo amene akulera adzukulu, kaya makolo awo anatisiya, kaya ali ku Joni. Pa msinkhu wopuma iwo ayambanso kuphika phala m'mamawa ndi kuthamangitsa ana kuti apite ku sukulu ndi ku madrasa.

Wachitatu ndi mkazi wa munthu wa pa ulendo, amene amagwira yekha munda, ana ndi matenda, koma achibale a mwamuna amangowerengera ndalama zimene walandira.

Wachinayi ndi bambo amene wabwera ku nyanja chimanjamanja. Inu amayi, nyanja sipatsa tsiku lililonse. Munthu amene wapalasa bwato usiku wonse osapha kanthu watopa kuposa amene wapha. Mlandireni ndi madzi osamba, za ndiwo mukambe pambuyo.

Wachisanu ndi mwana. Makolo ambiri amaganiza kuti kuthokoza mwana n'kumuononga. Si choncho ai. Mwana amaphunzira "zikomo" pomumva kwa akuluakulu.

4. NJIRA ZISANU NDI IMODZI ZOTHOKOZERA

(a) Ndi pakamwa. Tchulani chinthu chimene munthu wachita. Musangoti "zikomo" maso ali pa foni. Nenani kuti: "Amayi, futali wa leroyu mwaphika bwino, Allah akulipireni zabwino." Kapena: "Achimwene, ukonde uja munatisokera wagwira ntchito." Tsiku loyamba lilime lidzalemera ndipo ana adzaseka. Pofika tsiku lachitatu mudzazolowera.

(b) Ndi manja. Anyamata, mjigo sudziwa kuti wopopa ndi mwamuna kapena mkazi. Tengani njinga ndi zigubu, alongo anu apumeko. Abambo, wazani nkhuni, gwirani khanda pamene amayi akuphika, ndipo masiku ena khalani ndi ana kuti amayi nawo akaswali tarawehe.

(c) Ndi mapazi. Sankhani makomo a achibale okalamba ndi odwala, muwayendere limodzi limodzi mwezi usanathe. Musadikire Idi, pakuti pa Idi aliyense amakhala wothamanga.

(d) Ndi foni. Mwana wanu wa kunja akaona nambala ya kumudzi mtima umagunda, chifukwa amadziwa kuti ndi maliro kapena ndalama. Muimbireni tsiku lina popanda chopempha. Mufunseni kuti wafuturu chiyani, akugona pabwino kodi, ndipo mumuuze chimene ndalama yake ija inagula. Akapanda kutumiza mwezi wina musafulumire kunena kuti wakuiwalani, pakuti lendi ndi ntchito za kumeneko simuziona.

(e) Ndi chuma. Tinaphunzitsidwa kuti sadaka yopatsa m'bale wosauka ili ndi malipiro awiri, a sadaka ndi a kulumikiza chibale. Zakatul Fitr, imene mwini banja amaperekera aliyense wa pa khomo pake swala ya Idi isanachitike, muyeso wake ndi pafupifupi makilogalamu 2 ndi theka kapena 3 a chakudya cha m'deralo, monga chimanga kapena mpunga, pa munthu mmodzi. Simungaipereke kwa mkazi wanu, ana anu kapena makolo anu, chifukwa amenewo kuwadyetsa ndi udindo wanu kale. Koma azakhali amasiye, msuweni wolumala kapena mlamu amene bwato lake linasweka, ngati ali osauka, yambani kuganiza za iwo. Perekani mwakachetechete, osamuchititsa munthu manyazi.

(f) Ndi duwa. Nthawi yofuturu ndi nthawi ya duwa. Tchulani anthu anu maina, mmodzimmodzi, amoyo ndi amene anatsogola.

5. MABWENZI NDI ANANSI

Pali anthu amene simunabadwe nawo mimba imodzi koma amakusungani. Mnzanu wa pa dooko amene amakubwerekani nkhafi yanu ikathyoka, mayi wa pa msika amene amakuyang'anirani nsomba mukapita kukaswali, mnansi amene anakunyamulirani mwana pa njinga usiku kupita naye ku chipatala. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Asilamu a ku Makka atasamukira ku Madina m'chaka cha 622, Mtumiki (S.A.W.) anawalumikiza ubale ndi eni mudzi, aliyense ndi mnzake. Sa'd bin Rabi' (R.A.) anafuna kugawa chuma chake pakati kuti theka apatse Abdurrahman bin Auf (R.A.). Abdurrahman anamupemphera madalitso, napempha kuti angomulozera njira ya ku msika, ndipo anayamba malonda ake. Apa pali maphunziro awiri: wina anapereka ndi mtima wonse, winayo anathokoza osafuna kulemetsa mnzake. Bwenzi likakubwerekani, bwezani pa tsiku limene munapangana. Kubweza ngongole nakonso ndi kuthokoza.

Mavuto akagwa ndi pamene timadziwa mtengo wa anthu amenewa. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, masiku ochepa Ramadhani isanayambe, anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno. Amene anayamba kufukula anzawo m'matope, thandizo la kutali lisanafike, anali anansi ndi makasu awo. M'chaka cha 2015, alendo atayamba kuchitidwa chipongwe ku Durban, Amalawi ambiri anabwera pa mabasi alibe kanthu m'manja, ndipo amene anawalandira, kuwapatsa mphasa ndi nsima, anali achibale omwe aja anawasiya kumudzi.

M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja Asilamu ndi Akhristu ndi a mbumba imodzi. Asma (R.A.), mwana wa Abu Bakr, mayi wake amene sanali Msilamu atabwera kudzamuona ku Madina, anafunsa Mtumiki (S.A.W.) chochita, ndipo anauzidwa kuti asunge chibale ndi mayi wakeyo. Motero mbale ya futali iwolokenso mpanda kupita kwa mnansi wa mpingo wina, ndipo pa Idi muitaneni.

6. PANG'ONO ZA NDALE

Sitikuuzani chipani choti mutsate. Voti ndi yanu ndipo ndi yachinsinsi. Ufulu umenewu unadza ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo ndi chinthu choyenera kuchisamala. Kudandaula za msewu, za mankhwala m'chipatala kapena za mtengo wa feteleza si kulakwa. Kufunsa phungu wanu zimene analonjeza ndi udindo wanu.

Chimene tikuchenjeza ndi ichi: alipo abale a mimba imodzi amene saperekana moni chifukwa cha mtundu wa nsalu ya chipani. Tawerengani nokha. Mpando wa Pulezidenti wasintha mwini m'zaka za 1994, 2004, 2012, 2014, 2020 ndi 2025. Kodi m'zaka zonsezi inu mwasinthako amalume kangati? M'chaka cha 2004 a Bingu wa Mutharika anapambana pa tikiti ya UDF ya a Bakili Muluzi. Pofika 2005 anali atatulukamo n'kuyambitsa DPP, ndipo m'midzi yathu anthu anadana kwambiri, wina wachikasu wina wabuluu. Koma pa chisankho cha pa 23 Juni 2020 zipani ziwiri zomwezo zinayendera limodzi, a Atupele Muluzi ali wachiwiri kwa a Peter Mutharika. Atsogoleri amakangana ndi kugwirizana monga iwo aonera. Nanga inu amene munaleka kudya kwa mlongo wanu chifukwa cha iwo, anakuuzani ndani kuti mubwerere?

Ku Madina kunali mafuko awiri, Aus ndi Khazraj, amene anamenyana nkhondo yoopsa pa malo otchedwa Bu'ath zaka zochepa Mtumiki (S.A.W.) asanafike. Anthu omwewo anadzaima pa mzere umodzi wa swala, phewa ndi phewa, natchedwa dzina limodzi lakuti Answar. Ngati iwo anatha kuiwala magazi, ife tilephere kuiwala msonkhano wa pa bwalo la mpira?

Surah Hujurat, ayah 11 ndi 12, imaletsa kunyozana, kuitanana maina achipongwe, kuganizirana zoipa ndi miseche. Sinapatule nyengo ya kampeni. Uthenga wonyoza ukakufikani pa WhatsApp kapena pa Facebook, musautumize m'gulu la banja musanadziwe kumene wachokera, pajatu kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa mphasa ya kufuturu nkhani ya ndale ikayamba kutentha, wamkulu wa pa khomo aiimitse mwaulemu. Ndipo tsiku limene mudzagona chogona, odzakusambitsani, kukuvekani sanda ndi kunyamula jeneza lanu adzakhala anthu a pa mudzi panu, a zipani zonse.

7. NGATI CHIBALE CHINADUKA KALE

Mwina powerenga izi wina mtima wamuwawa, chifukwa ali ndi m'bale amene sanalankhulane naye chaka chathunthu. Mwina ndi nkhani ya malire a munda, mwina ya ukonde wa malemu, mwina ya ndalama ya ku Joni imene inatumizidwa kuti imange nyumba koma nyumbayo sinaoneke. Zimenezi n'zowawa, sitikuzichepetsa.

Koma tamvani za Abu Bakr (R.A.). Iye ankasamala m'bale wake wosauka dzina lake Mistah. Bodza litafala lonena za Mayi Aisha (R.A.), mwana wa Abu Bakr yemweyo, Mistah anali mmodzi wa olifalitsa. Abu Bakr analumbira kuti sadzamuthandizanso. Pamenepo inatsika ayah 22 ya Surah Nur, yolimbikitsa anthu opeza bwino kukhululuka ndi kusaleka kuthandiza achibale, ndipo Abu Bakr anayambiranso kumupatsa Mistah monga kale. Kodi chimene m'bale wanu anakulakwirani chikuposa pamenepa?

Tinaphunzitsidwa kuti Msilamu asanyanyale m'bale wake kupitirira masiku 3, ndi kuti wabwino mwa awiriwo ndi amene wayamba kupereka salamu. Tsono chitani motere. Yambani ndi salamu mukakumana pa njira kapena pa khomo la mzikiti. Mawa lake tumani mwana ndi mbale ya chakudya dzuwa lisanalowe. Mbale ikabwera ili ndi kanthu, njira yatseguka. Ikabwera yopanda kanthu, tumizaninso. Mlandu weniweniwo, wa munda kapena wa ndalama, muutule kwa ankhoswe, kwa mwini mbumba, kwa shehe kapena kwa amfumu, pakuti kukhululuka sikutanthauza kuti chilungamo chitayike. Amene anadya chuma cha mnzake abweze, ngakhale pang'onopang'ono. Chibale ndi fupa, sichiola, koma anthu ake amafa, ndipo ku manda kulibe kupepesana. Pa mphasa panu pomwepo alipo amene munafuturu nawo chaka chatha koma lero malo awo ali okhaokha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA BANJA

1. Tchulani anthu onse amene agwirapo ntchito pa chakudya cha lero. Akwana angati? Ndani mwa iwo amene wathokozedwa?
2. Ndi ntchito iti ya pa khomo pano imene imagwera munthu mmodzi yekha? Ndani amuthandize kuyambira mawa?
3. Ndi wachibale uti wokalamba kapena wodwala amene sitinamuyendere chiyambire mwezi uno? Tipita tsiku liti?
4. Kodi alipo amene tinasiyana naye chifukwa cha chipani kapena chuma? Ndani anyamule mbale yoyamba?
5. Kodi Zakatul Fitr ya pa khomo pano ikwana makilogalamu angati, ndipo tidzapatsa yani?

Mukatha kuyankha, aliyense atembenukire amene wakhala naye pafupi amuuze chinthu chimodzi chimene amamuyamika nacho. Ayambe ndi abambo.

Tikupempha Allah kuti alandire swaumu yanu, awachitire chifundo makolo anu amoyo ndi akufa, awasunge a pa nyanja ndi a pa ulendo, ndipo aike mtendere m'makomo mwanu ndi m'dziko lathu la Malawi. Amin.